Lipoti la nyumba yakale ya ku Mandala mumzinda wa Blantyre

Banja lina lomwe lili ndi nyumba ku Mandala linandipempha, monga wojambula mapulani a nyumba, kuti ndikayendere nyumbayo ndi kuwathandiza kusankha chochita. Maganizo analipo atatu: kuigwetsa n'kumangapo mafulati, kuisandutsa maofesi, kapena kuikonza kuti ikhalebe yogonamo. Bambo a banjali anaigula dziko litangolandira ufulu, nthawi yomwe azungu ambiri a m'makampani ankalongedza. Makolo onse awiri anatisiya, ndipo ana anabalalika, ena ku Lilongwe, wina ku Johannesburg, wina ku Britain. Amene ndinkalankhula nawo ndi mayi woyamba kubadwa, omwe abale anawasankha kuyang'anira chuma cha masiye. Dzina la banja, la msewu ndi la bungwe lomwe linachitapo lendi ndawasiya dala.

Dera lake

Mandala ndi amodzi mwa mayadi akale kwambiri m'dziko muno. Amishoni a Church of Scotland anakhazikika ku Blantyre mu 1876. Patangotha zaka ziwiri amalonda a ku Glasgow anayambitsa kampani yomwe inadzatchuka ndi dzina loti African Lakes, n'kutumiza abale awiri, John ndi Frederick Moir, kudzaiyendetsa. Iwo anamanga likulu lawo pachitunda, kutsidya kwa Mudi kuchokera ku mishoni. Mandala House, yomwe inamangidwa mu 1882, ikadalipo: yosanja, ya njerwa zosawotcha zomangidwa ndi dothi, khonde kuzungulira. Pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi, pansi amagulitsa zojambula ndi khofi. Nthawi zonse mwini nyumba akandiuza kuti zidina sizikhalitsa, ndimamutumiza kumeneko kuti akaone khoma lomwe lapyola zaka 140. Chalisunga si kulimba kwa njerwa ayi. Ndi denga lotambalala lomwe sililola mvula kumenya khoma, komanso kuti m'nyumbamo simunasowepo munthu.

Tauni inakhala ndi khonsolo yake kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, njanji inafika mu 1908, ndipo malata ndi zitsulo za mawindo zinayamba kubwera pa sitima m'malo mwa pamitu ya amtengatenga. Mabwana a makampani anadula mapuloti akuluakulu ku Mandala ndi ku Sunnyside, ndipo pambuyo pake mayadi anafalikira ku Mount Pleasant, Namiwawa ndi Nyambadwe. Kukula kwa mapuloti sikunali kukonda maluwa kokha. Atsamunda ankaopa malungo ndipo ankakhulupirira kuti kutalikirana ndi anthu akuda ndiko kudziteteza. Munthu wakuda ankagona m'derali pokhapokha akhale khukhi, wochapa kapena wosamala maluwa, ndipo malo ake anali kuseri, ku boyizikota. Otsalawo, omwe anaumba njerwa ndi kukhoma madenga, ankachokera ku Ndirande ndi midzi ina yozungulira, kulawirira wapansi. Mukaima pamsewu m'mamawa lero muona kuti ulendo umenewo sunathe, kungoti ena akubwera pa kabaza.

Nyumbayo

Kamangidwe kake ndi ka zaka za pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Ndi yosasanja, yokhala pa maziko okwera moti polowa umakwera masitepe. Makoma akunja ndi a njerwa zowotcha koma zomangidwa ndi dothi, ndipo poyamba anapakidwa pulasitala wa laimu ndi mchenga. Makoma ena am'kati ndi a zidina. Siling'i ili patali kwambiri, ndipo pamwamba pa chitseko chilichonse pali kawindo kotulutsira mpweya wotentha. Pabalaza ndi m'chipinda chachikulu muli malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni, chifukwa Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 ndipo chiperoni cha mu June ndi July sichiseka ndi munthu. Pansi ndi simenti yosalala yopaka polishi wofiira. Zitseko ndi za mlombwa. Mitanda ndi mapaso a denga ndi a mkungudza wa ku Mulanje, ndipo ukakwera m'denga fungo lake limamvekabe. Khitchini inamangidwa payokha, yolumikizidwa ndi kanjira kofoleredwa, kuti utsi ndi wophika yemwe zisafike pabalaza.

Khonde linali mbali zitatu. Pa nyumba ya mtundu uwu khonde si chokongoletsera. Limatchinga dzuwa kuti lisawombe khoma, limataya madzi a denga kutali ndi maziko, ndipo limalola mphepo kuzungulira n'kuumitsa chilichonse chomwe chanyowa. Omanga ankadziwa kuti dothi lili pakati pa njerwalo likanyowa limafewa, ndiye nzeru yonse ya nyumbayi inagona pa kulisunga louma.

Boyizikota ili kumapeto kwa puloti, yotsamira mpanda. Ndi zipinda ziwiri zofupika denga, timawindo tating'ono, popanda khonde, maziko ali pansi penipeni. Amisiri ndi omwewo, njerwa ndi zomwezo, koma chilichonse chomwe chinaikidwa pa nyumba yaikulu kuti munthu apume bwino, kuno anachichotsa.

Zomwe ndinapeza

Makolo atamwalira, nyumbayi inachititsidwa lendi ku bungwe lina kwa zaka zingapo, kenako inakhala yotseka dzinja lina lonse. Mavuto ake ambiri anayamba nthawi ya lendiyo, ndipo onse anabwera ndi anthu omwe ankaganiza kuti akukonza.

Bungwelo linkafuna zipinda zambiri, choncho linatseka mbali ziwiri za khonde ndi mabuloko a simenti ndi mawindo a aluminiyamu. Mbali ina yotsekedwayo ndi ya kummwera chakummawa, komwe chiperoni chimachokera. Khoma lakale linakhala m'kati, losaombedwa ndi mphepo, pomwe khoma latsopano lili m'mphepete mwenimweni mwa denga, mvula ikulimenya ndi kutsetserekera pa simenti ya khonde mpaka kukafika patsinde pa khoma lakale.

Penti itayamba kutumphuka, anakanganula pulasitala wa laimu kuyambira pansi kufika m'chiuno, n'kupakapo wa simenti wokhuthala ndi penti ya mafuta. Apa ndi pomwe nyumba zambiri zakale za mu Blantyre ndi ku Zomba zikuferapo. Laimu amalola chinyontho kutuluka. Simenti imachitsekera m'kati, ndipo chili ngati kuvala jombo pa phazi la chilonda: kunja kukuoneka bwino, m'kati mukunyeka. Madzi akasowa potulukira amakwera, ndipo ndinawapeza atatulukira pamwamba pa mzere wa simentiyo, ndi mchere woyera ukuyoyoka. Pogogoda ndi kahamala, malo ambiri ankalira mphako. Pomwe tinaboola, dothi la pakati pa njerwa linkachoka ndi chala.

Kunja anayala njerwa za simenti pabwalo lonse lakutsogolo kuti magalimoto aziimapo. Poyala anathira dothi, nthaka inakwera mpaka kukwirira sitepe yoyamba. Anadulanso mtengo wa mbawa womwe unali pakona poti unkagwetsera masamba pa magalimoto. Pamene namondwe Freddy anakantha Blantyre mu March 2023, madzi anaima pabwalopo kwa masiku, atatsekeredwa ndi mpanda wa njerwa womwe unalibe pobowola pokwanira. Poyerekeza ndi zomwe zinachitika ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, komwe matope anakokolola nyumba ndi anthu, ili si tsoka loti n'kulitchula. Koma khoma la dothi linamwa madziwo, ndipo silinapatsidwe mpata wowalavula.

Pakona ya kuseri pali mng'alu woyenda mokhotakhota motsata mizere ya njerwa. Banja linkati ndi mizu ya jakaranda, ndipo linali litapeza kale wodula. Yemwe anandiwongolera ndi bambo wachikulire amene wakhala ku boyizikota kuyambira nthawi ya malemu, akusamala pabwalo. Atandiona ndikuzungulira mtengowo anati, "Bwana, mtengowu musaulakwire. Bwerani muone kuno." Ananditengera pomwe udzu umakhala wobiriwira ngakhale mu October, n'kunena kuti paipi yopita ku sepitiki thanki imadutsa pomwepo. Titakumba tinapeza paipi yadothi itasweka, ikunyowetsa nthaka pansi pa kona. Ndinawafunsa kuti, "Nanga Madala, kale madzi a mvula ankapita kuti?" Anatenga khasu n'kuyamba kuloza: ngalande ya miyala inkayambira kuseri kwa khitchini, kuzungulira nyumba, kudutsa pansi pa mpanda wa maluwa n'kukalowa m'ngalande ya aneba, mpaka kumsewu. Yonse inali pansi pa njerwa zoyala zija. Pa mapepala a nyumba omwe banja linandipatsa, ngalandeyi palibe.

Chiswe chinalowa, koma chinadya mapulanga a paini ndi mabolodi omwe bungwe linagawira zipinda. Mkungudza wa m'denga sichinaukhudze. Malata akale ndi okhuthala kuposa omwe akugulitsidwa lero, ndipo ambiri ndi abwino. Owola ndi a m'makwawa momwe madenga awiri amakumana, komanso misomali inakhwepa. Mawaya a magetsi ndi mapaipi achitsulo a madzi onse ndi ofunika kusintha, palibe chokambirana.

Mwachidule, mafupa a nyumbayi ndi olimba. Chomwe chikuidwalitsa ndi madzi.

Anthu a m'derali

Sindikanatha kulangiza za nyumba osayang'ana msewu womwe ilimo. Ana a banjali amakumbukira mipanda ya maluwa yofika m'chifuwa, ana akudutsa m'mayadi a eni popita kukasewera. Lero ndi makoma aatali, waya wamagetsi pamwamba, geti yachitsulo ndi kanyumba ka mlonda. Mpanda uliwonse ndi damu laling'ono. Madzi omwe ankatsetsereka puloti ndi puloti m'ngalande imodzi, tsopano aliyense amangowakankhira kwa mnzake wa kumunsi.

Chifukwa choyandikana ndi tauni, ndi Ginnery Corner, ndi chipatala cha Queen Elizabeth komanso sukulu ya udokotala yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, nyumba zambiri za ku Mandala zasanduka maofesi, tizipatala, malo ogona alendo, sukulu za mkaka ndi mahositelo. Masana msewu umadzaza magalimoto, ndipo nthawi ya nkhomaliro amayi a mamemo amapakulira antchito a m'maofesi pansi pa mitengo. Ikakwana 5 koloko onse amabalalika. Usiku m'nyumba zambiri mumakhala mdima, panja pali alonda akuotha moto.

Mabanja omwe atsala amadziwana kwambiri pa gulu la WhatsApp kusiyana ndi pamaso. Nkhani zake ndi zomwezomwezo: madzi asiya, magetsi azima, akuba adumpha mpanda wa uje, tisonkhe tikwirire maenje a mumsewu. Sindikunyoza, poti gululi limagwira ntchito, ndipo madzi a mumzindawu, omwe ambiri amachita kupopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry kukwera mtunda wonsewo, sachedwa kusowa magetsi akavuta. Koma kumayadi kulibe mfumu yolengeza zovuta. Maliro akagwa amabwera ndi a mpingo, a kuntchito ndi achibale, tenti ndi mipando n'zobwereka ndi ndalama, ndipo mwina woyandikana naye amadziwira kuchuluka kwa magalimoto.

Chinansi chenicheni cha mumsewuwu chili kuseri. Okhala m'maboyizikota amabwerekana mchere ndi makala, ali ndi banki mkhonde yawo, amalerana ana, ndipo wina akadwala usiku amadziwa geti yoti agogode. Ndiwo amadziwa nyumba yomwe yagulitsidwa, mlonda yemwe wasiya ntchito, ndi galimoto yachilendo yomwe yazungulira kawiri. Bambo achikulire aja amatha kutchula mabanja omwe anakhalapo m'nyumba iliyonse ya mumsewumo, motsatana. Akamakamba za kusunga mbiri ya mayadi akale, anthu amajambula makonde ndi machumuni. Ine ndaona kuti mbiri yambiri ili m'zipinda ziwiri zopanda khonde zija, ndipo ndi zomwe zimayamba kugwetsedwa puloti ikagulidwa.

Malamulo ndi ndalama

Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza malo omwe boma linawalengeza kuti ndi chuma cha fuko, monga Mandala House ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe David Clement Scott anamanga ndi amisiri akuda kuyambira 1888 mpaka 1891. Nyumba ya banjali siili m'gulu limenelo, monganso nyumba zambiri zogonamo za m'derali. Kuigwetsa kapena kuisandutsa ofesi kumangofuna chilolezo cha khonsolo ya mzinda motsata lamulo la mapulani la Physical Planning Act la 2016, komanso kuona zomwe lizi ya malowo imalola. Ukalamba wa nyumba pawokha suiteteza.

Mchimwene wa mayi aja wa ku Johannesburg ndiye ankalimbikira zogwetsa, ndipo mfundo zake sizinali zopepuka. Pamsonkhano wa pafoni anati, "Achemwali, puloti yonseyi nyumba imodzi? Anthu akusowa pogona mu Blantyre, ife tikusunga kapinga." Akunena zoona. Mapuloti awa anadulidwa kuti pakhale anthu ochepa, ndipo mzinda sungapitirire kukankhira anthu m'mapiri pomwe pakati pake pali mayadi a banja limodzi limodzi. Mafulati angabweretsenso ndalama zambiri kuposa lendi ya nyumba imodzi. Chovuta n'chakuti banjali lilibe ndalama zomangira, liyenera kukongola ku banki pa chiwongoladzanja chomwe aliyense wochita bizinesi m'dziko muno akuchidziwa, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene ali mu Blantyre woti n'kuima pa ntchito. Mathero a nkhani zotere nthawi zambiri ndi kugulitsa puloti, nyumba yatsopano ili pa lintala.

Za maofesi ndinakana poyera. Lendi yake ndi yabwino, koma ofesi imafuna zomwe zadwalitsa nyumbayi: zipinda zambiri, poimika magalimoto, mawindo otseka chifukwa cha makina oziziritsa. Komanso mu ofesi simugona munthu. Denga likayamba kudontha Lachisanu usiku, wolizindikira amabwera Lolemba, ndipo amakauza wa akaunti, yemwe amalembera landilodi kalata.

Malangizo omwe ndinapereka

Ndinalangiza kuti nyumba yaikulu ikonzedwe ndi kuchititsidwa lendi ku banja logonamo, ndipo mbali ya kumunsi kwa puloti, komwe kale kunali dimba la ndiwo, isungidwe kuti mtsogolo mudzamangidwe nyumba zing'onozing'ono ziwiri zokhala ndi geti yakeyake. Potero anthu achuluka pa puloti monga mchimwene uja akufunira, popanda kugwetsa chomwe chili chabwino, ndipo ndalama zomangira zingachokere ku lendi pang'onopang'ono.

Kakonzedwe kake ndinati katsate njira ya madzi, kuyambira kumwamba ndi kunja, m'kati pomalizira. Choyamba makwawa a denga ndi misomali. Kenako kufukula ngalande ya miyala, kuchotsa njerwa zoyala zomwe zagundana ndi khoma, kutsitsa nthaka kufika pomwe inali, ndi kubowola mpanda. Paipi yosweka isinthidwe, mng'alu usamatidwe msanga koma uikidwe zizindikiro kuti tione ngati ukupitirira. Makoma otseka khonde agwetsedwe. Pulasitala wa simenti akanganulidwe ndi manja, osati ndi makina, khoma lisiyidwe lamaliseche chilimwe chonse, kenako lipakidwe laimu ndi mchenga.

Pa laimu ndi pomwe tinavutana ndi amisiri. Anyamata ambiri anaphunzira ntchito pa simenti ndipo amaona ngati laimu ndi wa anthu osauka. Kapitawo anandinong'oneza kuti tingothiramo simenti pang'ono kuti zigwire msanga, ndipo ndinayenera kulemba m'pangano kuti thumba la simenti lisayandikire khoma lakale. Laimu amafuna kunyikidwa m'dzenje kwa masabata, kupakidwa mopyapyala kangapo, ndi kuwazidwa madzi kuti asaume mofulumira. Tinapeza mmisiri wachikulire amene anagwirapo ntchito pa nyumba za mishoni, ndipo ndiye akuphunzitsa anzakewo. Laimu tinaitanitsa ku Balaka.

Ndinaletsanso kutaya njerwa yakale iliyonse. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa ntchito za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo ngakhale zikanaloledwa, njerwa za lero sizifanana msinkhu ndi zakalezo. Mkungudza ndiye usatchulidwe n'komwe: mtengowu watsala pang'ono kutheratu m'phiri la Mulanje, ndipo thabwa lililonse lili m'dengamo lilibe lolowa m'malo mwake.

Pa boyizikota ndinalemba kuti denga likwezedwe, mawindo akulitsidwe, pamangidwe khonde, bafa ndi chimbudzi cham'kati, ndipo ntchitoyi ikhale m'gawo loyamba, osati yodikira ndalama zotsala. Ndinapemphanso banja kuti kukhala kwa bambo achikulire aja ndi adzukulu awo kulembedwe papepala, kuti wobwera kudzachita lendi apeze zili choncho. Mpaka pano akhala pamenepo chifukwa cha mawu a malemu okha, ndipo mawu a malemu sagwira ntchito kwa munthu wachilendo wokhala ndi makiyi a geti.

Pomwe ntchito yafika

Banja linavomera gawo loyamba. Denga lakonzedwa, ngalande yafukulidwa ndipo miyala yake inapezeka ili m'malo mwake, kupatula pomwe magalimoto anaiphwanya. Khonde latsegulidwa mbali imodzi. Mbali inayo yadikira chifukwa tinapeza kuti mizati iwiri yakale inachotsedwa, ndipo mabuloko aja ndiwo anyamula denga. Kalipentala akusema ina ya mlombwa motengera yomwe yatsala. Khoma la kummwera likuuma, mchere ukutulukabe ndipo tikumausesa ndi burashi youma. Zizindikiro za pa mng'alu sizinasunthe chisinthireni paipi, koma chigamulo chidikira dzinja lathunthu. Jakaranda sanadulidwe.

Pangano la boyizikota silinasainidwe. Abale atatu avomera, mchimwene wa ku Johannesburg akuti lingadzatsitse mtengo wa puloti akadzafuna kugulitsa, ndipo mayi aja akuti nkhaniyi ikakambidwa onse akadzakumana pa Khirisimasi.

Palinso china chomwe sichili m'manja mwathu. Puloti ya kumtunda yagulitsidwa, mitengo yadulidwa, ndipo pageti pakhomedwa chikwangwani cha nyumba yosanja. Bwalo lake likadzayalidwa simenti, madzi onse adzatsikira kwa ife, ndipo ngalande ya miyala ija sinakumbidwire madzi ochuluka chotero. Ndalembera khonsolo m'malo mwa banja kupempha kuti pulani ya aneba isonyeze komwe madzi awo a mvula adzapite, ndipo ndapereka kope la kalatayo kwa eni puloti ya kumunsi kuti nawonso asaine.